Nyama Pakhosi pa Woweruza

Kuwodi ya amuna aliyense ankamutchula Sisita Changu, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Changu pa diripi, changu poyala mabedi, changu inu odwazika, chotsani mabeseniwo panjira. Analibe nthawi yonyengerera munthu. Miyendo inkamuwawa, msana unkamuwawa, ndipo kunyumba anali ndi mwana wamkazi amene dziko linkati si wake.

Nkhani yake inali yotere. Bambo wa mwanayo anali wa kutsidya kwa malire, woyendetsa mathiraki, ndipo anamwalira mwanayo asanamere mano. Lamulo la unzika linkati mwana amatenga dziko la bambo ake, la mayi ayi. Choncho mtsikana wobadwira m'chipatala chomwechi, pabedi limene Sisita akanatha kukulozerani, analibe chiphaso. Amalume ake anamutcha Kamlendo ali wakhanda, mwanthabwala chabe, koma dzinalo linamata. Kamlendo anakhoza bwino mayeso, anamusankhira kusukulu ya udokotala, ndipo asukuluwo anati abwere ndi chiphaso cha unzika. Chaka chatha anamusungira malo. Chaka chino anati n'komaliza: sukulu ikatsegulira alibe chiphaso, malowo apatsa wina.

Mlandu unakwera makhoti onse mpaka unafika kukhoti la malamulo aakulu a dziko. Loya wawo anali bambo wamtali wa kubungwe lothandiza anthu ulere. Kamlendo anamutcha a Ndime, chifukwa ngakhale umufunse nthawi, ankayamba ndi "malinga ndi ndime yakuti".

"Mayi, khoti limeneli si longa enawa," anatero a Ndime tsiku loyamba. "Kumeneko sazenga wakuba. Amazenga lamulo lenilenilo. Amaliimika pakati n'kulifunsa ngati likugwirizana ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko. Likapezeka lokhota amalithyola, basi zathera pompo. Pamwamba pawo palibenso wina wokadandaulako."

"Nanga akuchedweranji?"

"Aa, mayi, malinga ndi ndime..."

"Ndime chiyani apa. Sukulu ikutsegulira liti, mukudziwa inu?"

Chimene Sisita anagwira bwino pa zonse zimene a Ndime analankhula chinali chiwerengero. Mipando ya majaji inali isanu ndi inayi. Iwiri inali yopanda anthu, chifukwa eni ake nthawi yawo inatha ndipo aphungu anali akukanganabe za oti akhalepo. Lamulo linkati majaji akachepera asanu ndi awiri, khoti silingagamule kanthu. Otsalawo anali asanu ndi awiri ndendende. Mmodzi akangochokapo, kaya wafa, kaya wadzichotsa yekha pa mlanduwo, ndiye kuti kudikira aphungu, kenako mlandu kuyambiranso pachiyambi.

"N'chifukwa chake ndikukupemphani," anatero a Ndime, "musayandikire jaji aliyense. Moni ayi. Mukamupeza pamaliro, inu chokanipo. Pakangooneka kuti akukudziwani, adzichotsa, ife tatha."

Sisita anaseka tsiku limenelo. Iye ndi majaji akakumana kuti? Mlanduwo majaji anali ataumva kale, iye atakhala kumbuyo kwenikweni, majajiwo akuoneka patali ngati akhwangwala pawaya. Chigamulo anati chidzaperekedwa kumapeto kwa mwezi. Sukulu inkatsegulira sabata yotsatira.

Lolemba m'mawa, asanavule n'komwe juzi, Wailesi anamugwira mkono. Wailesi anali namwino mnzake, wamfupi, wa pakamwa posazima. Nkhani ikamufika m'mawa, pofika masana ankhala ataimva ndi a kumochale omwe.

"Achemwali, mwamva? M'chipinda cha kumapeto agonekamo bwana. Jaji! Wa kukhoti kwanu kuja. Wokalamba uja, wa nsidze ngati tsache."

Sisita anaima, dzanja limodzi lili m'juzi.

"Akudwala chiyani?"

"Shuga ndi bipi, matenda a mabwana. Ndiye a Metroni akuti muwasamale ndinu, poti ndinu wamkulu. Koma mwayi winawu! Pobaya jakisoni muzingowanong'oneza, bwana, kamwana kanga kaja..."

"Iwe, zimitsa wailesiyo."

Anachotsa baji ya dzina lake pachifuwa n'kuiponya m'thumba. Nkhope yake a jaji sakanaidziwa, koma dzinalo linali pamwamba pa mapepala onse a mlandu. Anapita molunjika kuofesi ya a Metroni, amene anawapeza akupemerera tiyi.

"Mundichotse kuchipinda cha kumapeto."

"Anzako amalimbirana odwala oterewa, iwe ukuthawa? Wawalakwira chiyani?"

Anawafotokozera ali chiimire, mwachidule, monga mmene amaperekera lipoti la wodi. A Metroni anaika kapu pansi.

"Ndiye ukufuna achire, koma usawakhudze."

"Ndikufuna achire kuposa mmene akufunira akazi awo."

"Chabwino. Akhala a Wailesi."

"Wailesi? Mayi, palibe wina?"

"Wawerenga anamwino amene ndili nawo lero? Kapena ufuna ndikawasamale ine, iwe ukhale pampando pano uzimwa tiyi?"

Tsiku limenelo Sisita sanakhale pansi. Kabati ya mankhwala inali pafupi ndi chipinda cha kumapeto, ndiye ankatuma anzake, kapena ankadutsa atavala masiki, nkhope ataloza kukhoma. Koma mtima unkamukokera komweko. Wailesi akangotuluka m'chipindamo ankamupeza atamudikirira pakona.

"Shuga ili pati? Bipi wawayeza? Akodza?"

"Achemwali, kodi ndi amuna anu?"

"Ndakufunsa, akodza?"

"Akodza, mayi! Kawiri! Mufuna ndikubweretsereni muone?"

Foni inkanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa Kamlendo: amayi, ndamva pa wailesi yeniyeni kuti jaji wina wagonekedwa, n'zoona? Anaibweza m'thumba. Anakayala mabedi amene anali oyala kale.

Lachiwiri masana, nthawi yoona odwala itayamba, kolido inadzaza anthu ndi zikapu za chakudya. Wailesi anali atapita kufamase kukatenga mankhwala. Akazi a jaji, Sisita anawaona ndi maso ake akutsika masitepe kukafuna dokotala. Iye ankafuna bandeji kukabati ija, panalibe womutuma, ndiye anakoka masiki n'kuyenda mofulumira.

Akudutsa anamva kapu ikugwa m'chipindamo. Kenako zii.

Namwino aliyense amadziwa kuti wotsamwa amene akutsokomola alibe vuto. Woopsa ndi amene wangoti zii. Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Anaona msana wa mkuluyo, atakhala m'mphepete mwa bedi kuyang'ana pawindo, manja onse awiri ali pakhosi, mapewa akukwera ndi kutsika popanda mpweya wolowa. Patebulo panali mbale ya nyama, imene dokotala analetsa.

"Wailesi!" anakuwa. Kolido yonse inatembenuka, koma yunifolomu yoyera panalibe.

Zinamubwerera zonse pakamodzi, zowerengera zake zija. Akafa, atsala asanu ndi mmodzi. Akandiona, atsala asanu ndi mmodzi. Asanamalize kuganiza anali atalowa kale, chifukwa miyendo ya namwino sidikira mutu.

Anawaweramitsa n'kuwamenya pakati pa mapewa. Palibe. Anawamenyanso, mwamphamvu, mmene sanamenyerepo mwana wake. Palibe. Anakwera pabedi ndi mawondo, anawazinga mikono kumbuyo, nkhonya pansi pa chifuwa, n'kukoka.

"Lavulani, bambo inu! Lavulani! Musandifere pano, ndili ndi zochita zambiri!"

Pokoka kachitatu chidutswa cha nyama chinauluka, phwa pagalasi la windo, n'kutsetsereka pang'onopang'ono. Mkuluyo anakoka mpweya ngati pampu yakale. Anatsokomola, misozi ili mbwee, n'kuyamba kutembenuza khosi.

Sisita anawagwira mutu ndi manja awiri.

"Musatembenuke. Yang'anani pawindo. Pumani. Pumaninso."

Wailesi anatulukira pakhomo, katoni ya mankhwala ili m'manja, kukamwa kuli yasa. Sisita anatsika pabedi chafutambuyo, anamukankhira mnzakeyo kwa wodwala, n'kutuluka.

Anakadzitsekera m'chipinda chotsukira mabeseni, momwe mumanunkha mankhwala ophera tizilombo, n'kuimbira a Ndime. Atamva nkhaniyo, kwa nthawi yoyamba a Ndime sanatchule ndime.

"Anakuonani nkhope?"

"Ayi."

"Dzina?"

"Baji ili m'thumba."

"Munanenapo chilichonse cha mlandu?"

"Munthu akufa ine ndizinena za mlandu? Mukundiyesa chiyani inu?"

"Pepani, mayi. Ndiye tamverani. Munthu sangakondere amene sakumudziwa. Koma akangodziwa, mkulu ameneyo sangabise. Akauza anzake tsiku lomwelo n'kudzichotsa, aboma asanatsegule n'komwe pakamwa. Ndi wouma choncho."

"Ndiye ndikanawasiya afe?"

"Sindinatero, mayi. Ndikungoti asakudziweni."

Zikanakhala zosavuta akanakhala anthu osayamika, ngati odwala ambiri. Koma Lachitatu akazi a jaji anafika ndi keke yaikulu m'katoni yoyera, n'kuyamba kufunsa. Anali mayi woonda, wa imvi zodula zafupi, nsapato zafulati, woyenda mwakachetechete ngati mphaka. Anati amuna awo nkhope sanaione, koma mawu akuwakumbuka bwino. Anati ndi mawu onga a sajeni wa asilikali.

Ndiye Sisita Changu anasiya kulankhula.

Chiyambireni ntchito sanakhalepo chete kuwodi. Tsopano ankaloza ndi chala, ankagwedeza mutu, zikavuta ankanong'ona. Odwazika anayamba kusiya mabeseni paliponse. Mdala wina wa pabedi la pakhomo, wothyoka ntchafu, anamukodola.

"Sisita, mukudwala? Simunanditukwane kuyambira dzulo. Ndikuopa, mwina dokotala wakuuzani kuti ndikufa."

"Simukufa," ananong'ona. "Imwani mapilisi."

Wailesi anayesa kudzipereka nsembe. Anauza a jaji kuti amene anawapulumutsa anali iyeyo. Anabwerako atakwinya nkhope.

"Akuti ndinene kuti 'lavulani'. Ndanena. Akuti ayi, mawu anuwo ndi a mpheta. Kenako akuti nditambasule mikono, n'kuyang'ana mimba yawo, n'kuti siyingakwane. Munthu wodwala amafunsa mafunso choncho? Achemwali, ine nkhaniyi ikundiwotcha pakhosi, nditupa nayo."

"Tupa. Ukangotsegula pakamwa ndikusoka ndi ulusi wa kuthiyeta."

A Metroni nawonso anayesa. Anati anali wophunzira, wabwerera kusukulu. Akazi a jaji anamwetulira mwaulemu, anabwerera nayo keke, mawa lake anabwera nayonso. Ankakhala pabenchi ya mukolido, katoni pamiyendo, n'kumamvetsera namwino aliyense wodutsa.

Kunyumba nako kunalibe mtendere. Kamlendo anali atalongedza sutikesi, kumasula, kulongedzanso. Madzulo ena amayi ake atafika, anamupeza atakhala pasutikesipo, akusenda anyezi amene palibe anamutuma.

"Wathira madzi m'ndowa?" ananong'ona Sisita.

"Amayi, kuno si kuchipatala. Lankhulani bwinobwino, mukundiopsa."

Sisita anavula nsapato, anaika mapazi m'beseni la madzi ofunda. Mtsikanayo anayang'ana anyezi wake.

"Koma amayi. Mukanangowauza. Munthu mwamupulumutsa moyo. Mwina akanatimvera chisoni."

"Chisoni?" Mawu aja anabwerera onse, mpaka galu wa aneba anauwa. "Ine ndakwera masitepe a makhoti onse aja kukapempha chisoni? Unabadwira kuno. Mchombo wako ndinauona ine ukugwa pamphasa iyo. Chiphaso chachisoni ukachitenga lero, mawa wina akulanda, akuti amayi ako anachigula ndi nyama ya pakhosi."

"Ndangonena."

"Usamangonena. Bweretsa thaulo."

Kamlendo anabweretsa thaulo, anagwada n'kuwapukuta mapazi yekha. Sisita anayang'ana pamutu pa mwanayo, pamene tsitsi linayamba kuthothoka chaka chino chifukwa cha maganizo, ndipo anafuna kunena mawu ofewa, koma sanawapeze. Anangoti anyeziyo wachuluka.

Lachisanu ndi pamene zinaphulika. Wodwazika wina anasiya beseni la madzi a sopo pakati pa kolido, ndipo mdala wa ntchafu uja, amene tsiku limenelo anayamba kuyenda ndi ndodo, ankalunjika pomwepo. Sisita anali patali.

"Inu! Chotsani chibeseni icho, changu! Mufuna munthu athyokenso?"

Beseni linachoka. Mdalayo anamwetulira ngati wamva nyimbo ya kwawo. Ndipo pabenchi, mayi wa imvi anaimirira pang'onopang'ono, katoni ili m'manja.

Sisita anathawira m'chipinda chotsukira mabeseni. Chitseko chisanatsekeke, nsapato yafulati inali italowa kale.

"Ndinu," anatero akazi a jaji.

"Si ine, amayi."

"Mwana wanga, ndakalamba ndi munthu wofunsa mboni mafunso. Bodza ndimalimva lisanatuluke. Ndinu. Mukundithawiranji? Ndangobwera kudzanena zikomo. Ndine ndinawabweretsera nyama ija. Akanafa ndi dzanja langa."

Sisita anayang'ana mpopi umene unkadontha, mabeseni osanjikizana, keke. Anali atatopa. Anatopa kunong'ona, anatopa kuzemba m'wodi yake yomwe ngati wakuba.

"Amayi, ngati mukufunadi kundithokoza, musandidziwe."

Maso a mayiyo anatsika kuchoka pankhope ya Sisita kufika pachifuwa, pomwe panali timabowo tiwiri ta pini, baji palibe. Anayang'ana pamenepo nthawi ndithu.

"Muli ndi nkhani kumene kuja."

Sisita anatsegula pakamwa, koma mayiyo anakweza dzanja.

"Ayi. Musandiuze. Dzina ayi, nkhani ayi. Chimene sindikuchidziwa sindingachinene kutulo."

Anaika katoni pasinki, n'kutsamira khoma.

"Ku ukwati wa mwana wa mchimwene wanga sindinapite, chifukwa apongozi ake anali ndi mlandu kumeneko. Mchemwali wanga weniweni anabwera ndi nkhuku, ndinamubweza nayo pageti, mpaka lero sandilankhula bwino. Ndimati kuchipatala kokha kuno ndiko tingathe kunena zikomo ngati anthu ena onse." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Kani nakonso ayi."

"Pepani, amayi."

"Mupepesa chiyani? Keke iyi adye odwala."

"A shuga ayi."

"A shuga ayi. Abambo ndikawauza kuti ndafufuza ndalephera. Sakhulupirira, koma mawa akutuluka, ndipo ali ndi zowerenga zambiri."

Atagwira chitseko, Sisita analephera kudzigwira.

"Ndipo nyama musawabweretserenso. Mchere muchepetse. Akakana, muwakalipire."

"Ndinayamba kuwakalipira inu musanabadwe," anatero mayiyo, n'kutuluka osacheuka. Mukolido anamudutsa Sisita kawiri tsiku limenelo ngati akudutsa khoma.

Masiku otsalawo Sisita sanagone bwino. Foni ikalira ankati basi, adziwa. Nkhani za pa wailesi zikayamba ankauza aliyense akhale chete, kenako ankazimitsa zisanathe. Kalata yochokera kukhoti yonena kuti jaji wadzichotsa sinabwere. Maliro sanalengezedwe.

Tsiku la chigamulo anafika m'mawa, Kamlendo atavala bulauzi ya amayi ake. Chipinda cha khoti chinali chachitali, chozizira, mabenchi olimba ngati a m'tchalitchi. Kutsogolo, pamwamba, mipando isanu ndi inayi ya zikopa inali pamzere, iwiri ya kumapeto itakankhidwira mkati mwa tebulo. Sisita anasankha malo kuseri kwa chipilala. A Ndime, atavala mkanjo wawo, anamuyang'ana n'kuika chala pamilomo.

Kalaliki anafuula kuti onse aimirire. Kachitseko ka kumbali kanatseguka, majaji n'kuyamba kulowa motsatana ukulu wawo, mtsogoleri wawo patsogolo, mayi wa magalasi okhuthala. Sisita ankawerenga ndi zala m'thumba. Pa wachisanu ndi chimodzi mzere unaduka. Kachitseko kanakhala kotsegula, popanda wotulukira. Kamlendo anamufinya mkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Kenako ndodo inagogoda pansi, nsidze zija n'kutulukira. Anali atangotsalira chifukwa cha masitepe.

Mtsogoleriyo anawerenga nthawi yaitali. Anayamba ndi mbiri ya lamulolo, anapita ku zimene boma linanena, anabwerera ku zimene a Ndime ananena. Sisita anasintha kakhalidwe kakhumi. Kuwodi munthu wolankhula chonchi akanamulanda faelo. Anangomva mwadzidzidzi chipinda chikupuma pamodzi, ndipo anatchera khutu. Malamulo aakulu, anatero mayiyo, salola kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Gawo la lamulo la unzika lonena za bambo yekha likutsutsana nawo, choncho lathetsedwa kuyambira lero. Mwana wobadwa kwa mayi amene ndi nzika, ndi nzika chibadwire, ndipo maofesi a ziphaso achite zimenezi mosazengereza.

Kamlendo anagwetsa mutu pamiyendo ya amayi ake. Sisita anamusisita msana ndi dzanja limodzi, lina likadali m'thumba, zala zitapindika pa chiwerengero chija.

"Majaji asanu agwirizana ndi chigamulochi," anapitiriza mtsogoleriyo. "Awiri sanagwirizane nacho, ndipo monga mwa mwambo wa khoti lino, mmodzi wa iwo awerenga zifukwa zawo."

Amene anakonza kukhosi n'kusendeza pepala anali mkulu wa nsidze uja.

Anati lamuloli ndi lopweteka, iwo sakukana. Koma kulikonza ndi ntchito ya aphungu osankhidwa ndi anthu, osati ya majaji. Anati khoti likayamba kulemba malamulo lero chifukwa nkhani ndi yomvetsa chisoni, mawa lidzalemba ena pa nkhani yosamvetsa chisoni. Mawu awo anali omveka bwino, mpweya wokwanira, osatsokomola ngakhale kamodzi.

Sisita anasuzumira kuseri kwa chipilala.

"Ameneyu?" ananong'ona. "Pakhosi pomwe ndinatsegula ine ndi pomwe akundikanira?"

Kamlendo, nkhope ili yonyowa, anayamba kugwedezeka ndi phwete, mpaka wapolisi wa pakhomo anawayang'ana.

Atatuluka, a Ndime anawapeza pakhonde, mkanjo uli pamkono, akumwetulira mano onse.

"Mayi, musakwiye. Akanapanda kubwera kudzatikana, sitikanapambana. Asanu aja paokha si khoti."

"Zasainidwa?"

"Onse asanu ndi awiri asaina. Palibe angazibweze."

"Ndiye ndingathe kulankhula?"

"Malinga ndi..."

"Zikomo."

Njira yopita kumsewu inkadutsa pambali pa nyumbayo, pomwe magalimoto a majaji amadikirira. Sanachite kufuna. Anangoona mkulu uja akutsika kasitepe, mkanjo atavula, akazi awo atawagwira chigongono. Mayi wa imviyo anamuona Sisita, n'kuyang'ana kumbali monga mmene anagwirizanirana. Sisita nayenso akanadutsa. Koma maso ake anagwera pansi, pa akakolo a mkuluyo, otupa mpaka kusefukira pansapato.

"Bambo inu! Miyendoyo muziikweza papilo mukakhala. Ndipo mapilisi a m'mawa aja mukudumpha, ndikuona."

Ndodo inaima. A jaji anatembenuka pang'onopang'ono, ulendo uno popanda wowagwira mutu. Anayang'ana Sisita. Anayang'ana mtsikana wa maso ofiira pambali pake, kenako loya wamtali amene anangomva dzina lake m'khoti muja, yemwe tsopano ankayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Nsidze zinakwera, zinatsika. Pomaliza anayang'ana akazi awo.

"Ine sindikudziwa kanthu," anatero mayiyo.

"Ndikanadziwa," anatero a jaji kwa Sisita, "ndikanadzichotsa."

"Ndikudziwa."

"Ndipo zimene ndawerenga muja, ndi mmene ndikuonerabe."

"Ndamva. Munawerenga nthawi yaitali."

Mkuluyo anatsokomola, kapena kunali kuseka. Anasamutsira ndodo kudzanja lamanzere, n'kutambasula lamanja. Sisita analilandira, ndipo mwachizolowezi zala zake zinatsetsereka kufika pamtsempha. Unkagunda mofulumira pang'ono, koma mwadongosolo.

"Zikomo, sisita."

"Mchere," anatero Sisita, akuyang'ana akazi awo.

Anasiya dzanjalo n'kutembenukira kwa Kamlendo, amene anali ataima kukamwa kuli pululu.

"Ukuyang'ana chiyani? Zithunzi za pachiphaso watenga? Chigamulochi wamva si iwe wekha, dziko lonse likuthamangira kuofesi ya ziphaso pompano. Ukufuna tikakhale kumapeto kwa mzere? Changu!"